Oriku ndi Nkhope za Ginjuro

Oriku ndinakhala naye moyandikana kwa zaka zambiri ku Asakusa, dera la mzinda wa Edo, m'tinyumba tolumikizana ta kuseri kwa msewu wa zisudzo. Khoma lotilekanitsa linali lopyapyala moti akatsokomola ndinkamva, ndipo akayamba kunola timipeni take ndinkadziwa kuti kunja kwacha. Ine ndine Isokichi, wodinda zithunzi. Ndinkapaka utoto pa thabwa, kuyalapo pepala ndi kutikita mpaka chithunzi chituluke. Oriku ndiye ankazokota matabwawo. Imeneyi sinali ntchito ya akazi, koma bambo ake analibe mwana wamwamuna, ndipo maso awo atayamba kuchita mdima anangomupatsira mpeni n'kumuuza kuti apitirize pomwe iwo analekezera.

Luso lake linali pa tsitsi. Nyengo yotentha ikafika, pamene nyumba za zisudzo za kabuki zimaonetsa masewero a mizukwa kuti anthu azizidwe ndi mantha, a Tahei, eni sitolo ya zithunzi, ankabwera okha ndi matabwa a mtengo wa sakura kudzagogoda kwa Oriku. Tsitsi la mzukwa silimangidwa. Limagwa lonyowa, lothothoka, lina litamatirira pa tsaya. Oriku ankalisema limodzilimodzi, ndipo ife odinda tinkachita kuopa kulitikita mwamphamvu. Pa chithunzi pankalembedwa dzina la wojambula ndi la wosewera. Lake silinkalembedwapo, ndipo iye analibe nazo ntchito.

Mwamuna wake, Senpachi, ankagwira ntchito ya zingwe ndi zitseko za pansi pa nsanja m'nyumba ina ya kabuki. Anali wamfupi, wopepuka ngati mphaka, wosatha nthabwala. Awiriwa anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Osei.

Chaka china mzinda wonse unkakamba za Ginjuro, mwamuna wotchuka wosewera m'nyumba ya kabuki yomweyo. Iye ankasewera ngati mkazi wogulitsa mchere amene mwamuna wake anamumiza m'dambo, kenako n'kubwerera ali mzukwa. Chakumapeto kwa seweroli mzukwawo unkaonekera kudenga, n'kudziponya pansi, n'kumira mu nsanja ngati walowa m'madzi. Pa nsanjapo panali dzenje lotsekula, m'kati mwake atawunjikamo udzu ndi zofunda zakale. Anthu ankakuwa dzina la Ginjuro mpaka kusasa mawu. Sankadziwa kuti wodumphayo anali Senpachi, atavala mkanjo woyera ndi tsitsi lophimba nkhope. Ginjuro ankadikirira pansi, n'kutulukira pa dzenje lina akuwerama mothokoza.

A Tahei atabweretsa chithunzi cha kudumphako kuti chizokotedwe, Senpachi anasuzumira pa thabwalo.

"Taona, mkazanga, miyendo yangayi yatchuka Edo yense. Nkhope yokhayi ndiye yobwereka."

"Bola yobwerekayo," anatero Oriku osadzutsa mutu. "Yanuyo ikanathawitsa ogula. Tasunthani, mukunditchinga kuwala."

Tsiku lina kunatentha kwambiri. Pa nthawi yopuma Ginjuro anatsikira pansi pa nsanja, pozizirirapo, kukadya nsomba ya mkunga ndi mlendo wake wina wolemera. Fumbi linkagwera m'mbale kudzera pa dzenje lija, choncho analamula kuti alitseke ndi kupiringidza. Atakhuta anatuma munthu amene anatseka uja kuti aperekeze mlendo, iye n'kukadzipaka ufa kumaso. Za dzenje sanakumbukenso. Senpachi anali atakwera kale kudenga, kumene munthu saona bwino pansi. Anamva ng'oma yake ikulira, n'kudumpha.

Anamenyetseka pa matabwa anthu onse akuona. Anzake anakoka chinsalu msangamsanga n'kumuguguzira pansi. Patapita kanthawi Ginjuro anatulukira kutsogolo kwa chinsalucho akutsimphina pang'ono, akusasa fumbi pa mkanjo, n'kuwerama. Nyumba inachita kugwedezeka ndi phokoso. Munthu wagwa kuchokera kudenga n'kudzuka ali bwinobwino! Senpachi anasungidwa pansi pomwepo mpaka sewero litatha ndi anthu onse atabalalika, kuopa kuti wina angaone mizukwa iwiri.

Anabwera naye atamunyamulira pa chitseko dzuwa likulowa. Ine ndinathandiza kumulowetsa. Msana unali utathyoka, miyendo sankaimva. Anzake a zingwe ndi amene anatifotokozera zonse, monong'ona, n'kuthawa. M'mawa mwake kunabwera wantchito wa Ginjuro atanyamula bokosi la makeke a nyemba.

"Abwana akuti pepani kwambiri. Akutinso wina akafunsa, muzinena kuti bambowa anagwa pa makwerero atamwa. Mukatero malo awo a ntchito asungidwa."

Oriku analandira bokosilo ndi manja awiri, n'kuthokoza. Munthuyo atangokhota, anakakhuthulira makekewo mu ngalande ya madzi oipa, bokosi n'kuliponda.

Senpachi anagona mpaka masamba atayamba kuyoyoka. Nthabwala zinatha. Tsiku lina ndili pomwepo anafunsa kuti, "Nditagwa paja, anthu anakuwa dzina la ndani?" Atamwalira, a m'mudadada wathu ankati mowa wamupha, chifukwa ndi zimene zinamveka kuchokera ku kabuki. Oriku ankawatsutsa mmodzimmodzi pa chitsime, koma ndani akanakhulupirira mkazi wamasiye n'kusiya zimene anthu odzaza nyumba anaona ndi maso awo?

Maliro asanazizire, a Tahei anabwera ndi chithunzi chatsopano: Ginjuro akudzuka pa matabwa, tsitsi lili mbalambanda. Oriku anachizokota, pakuti panali mwana wofuna kudya. Chinagulidwa kuposa zonse zimene tinadindapo.

Panapita zaka zingapo, kenako kunagwa mliri uja tinkautcha korori, wopha munthu tsiku lomwe wamugwira. Ginjuro anasowa pa nsanja, ndipo mphekesera zinati wadwala. Wosewera wotchuka akamwalira, masitolo amapikisana kutulutsa chithunzi cha maliro, mwini wake atavala mkanjo wotuwa, mikanda yopempherera ili m'manja. Oriku anatenga thabwa lake n'kuzokota chithunzi chotero cha Ginjuro, munthu akadali moyo. Kwa ine sanabwere nacho. Ndinkangomva kuseri kwa khoma kutikita kwa dzanja losazolowera. Mapepalawo anawagawira ulere ogulitsa a mumsewu. Ankakhulupirira, monga ambiri, kuti munthu amene wamuliridwa ali moyo sachedwa kutsatira misoziyo.

Anthu anakhamukira ku nyumba ya Ginjuro ndi lubani. Azimayi analira pa chipata, mkazi wake anakomoka, ansembe anafika okha osaitanidwa. Koma Ginjuro anachira. Nyengo yotentha itabweranso, pakhomo pa kabuki anakhomapo chithunzi cha maliro chomwe chija, pansi pake atalemba kuti womwalira wabwera yekha kudzasewera mzukwa. Anthu ankagona pakhomo kudikira malo.

A Tahei anabwera kwa Oriku nkhope ili gwa, pepala lija lili m'manja.

"Tsitsi ili ndikulidziwa, mayi. Mumafuna andimange ine?"

"Ndimafuna afe."

"Ndiye mwamunenepetsa. Kuyambira lero nkhope zatsopano simuzionanso kwa ine. Komabe bambo anu ndinagwira nawo ntchito, sindingakusiyeni ndi njala. Ndizikutumizirani matabwa akale ofuna kukonza."

Kwa wozokota waluso chimenecho chinali chipongwe. Koma m'matabwa akalewo ndi momwe Oriku anapeza njira yake.

Thabwa la sakura ndi lodula, ndipo mwini sitolo salitaya. Sewero lakale likabwereranso ndi wosewera wina, amangodula pamene pali nkhope ndi dzina, n'kulowetsapo kachidutswa katsopano, n'kusemapo nkhope ya watsopanoyo. Thupi, mkanjo ndi dambo zimakhala zomwezo. Ginjuro anali atayamba kukula, ndipo achinyamata anali atayamba kutenga malo ake pa sewero la mkazi wa mchere. Thabwa loyamba lotero litafika, ndinamva Oriku akuseka yekha, kuseka kumene ndinali ndisanamve chimwalirire Senpachi.

Madzulo ake anatiitana, ine ndi mkazi wanga, kudzamwa tiyi. Anatola kachidutswa ka thabwa n'kukaponya pa makala.

"Imwani, a Isokichi. Tiyi wa leroyu waphikidwa ndi mphuno ya a Ginjuro."

"Mayi inu, simuopa?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndiope chiyani? Thupi lili pa thabwalo ndi la mwamuna wanga. Ndangochotsapo wakuba."

Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda m'masitolo onse a zithunzi, kuchokera ku Asakusa mpaka ku Shiba, kufunsa ngati ali ndi matabwa akale a Ginjuro. Ankawauza kuti nkhope ya nkhalamba siigulitsa, iye aikapo ya mnyamata amene atsikana akumufera, ndipo ntchito yake inali yosalala moti polumikiza sipankaoneka. Eni masitolo ankamukonda. Sanasiye pa mkazi wa mchere yekha. Paliponse pamene Ginjuro anasewerapo mzukwa, wansembe wophedwa, mlezi wopachikidwa, mwamuna wa m'chitsime, nkhope yake inkathera pa makala a Oriku.

Zinatsala ndi zithunzi zimene zinagulidwa kale. Koma pepala silikhalitsa mu Edo. Anthu amamata pa zitseko, ana amang'amba, moto umapsereza dera lonse chaka ndi chaka. Zopulumuka zinkathera mu dengu la wogula mapepala akale, ndipo ameneyu Oriku anapalana naye ubwenzi. Ankamupatsa mabilinganya oviika mu mchere, iye n'kumamulola kufufuza mu dengu. Akapeza Ginjuro ankamung'amba pakati n'kumubwezera momwemo, podziwa kuti zonsezo zikupita kokapondedwa n'kusanduka pepala lotuwa lija limene tonse timapita nalo kuchimbudzi.

Zimenezi zinamudyera zambiri. Wosula mipeni wina wamasiye, munthu wofatsa, anamufunsira, koma Oriku anamukana chifukwa bamboyo anati Ginjuro amamusangalatsa pa nsanja. Osei anakula akumva dzina limodzi m'mawa ndi madzulo. Atafika pa msinkhu wokwatiwa anayankhula mawu amene ndinawamva bwinobwino kuseri kwa khoma.

"Amayi, m'nyumba muno timakhalamo atatu: inu, ine ndi a Ginjuro. Abambo anatulukamo kalekale. Mumadziwa n'komwe nyimbo imene ankaimba posamba?"

Osei anakwatiwa ndi wogulitsa nyale wa ku Yokohama, ndipo kwa zaka zambiri sanaponde ku Asakusa.

Dziko linatembenuka. Edo anasanduka Tokyo, amuna tinameta tsitsi lathu lija tinkalimanga mfundo pamutu, nyumba za kabuki zinasamukira kwina, ndipo anthu anayamba kukonda zithunzi zojambula ndi galasi. Ginjuro anasiya kumveka. Ena ankati ali kumidzi, akusewera m'misasa ya mphasa.

Masana ena a mvula yowaza, nkhalamba ina inaodira pakhomo pa Oriku. Inali ndi ndodo, manja akunjenjemera monga amachitira anthu amene adzipaka ufa woyera kumaso moyo wawo wonse. Oriku anaiyang'ana kamodzi kokha. Mphuno imeneyo anali ataidula kambirimbiri. Anagogoda pa khoma.

"A Isokichi, tabwerani. Kwabwera alendo."

Ndinapeza ataikhazika pa mphasa, madzi a tiyi ali pa moto.

"Mayi, ine ndine Ginjuro," inatero nkhalambayo. "Kapena dzinali munalimvapo."

"Ndinalimvapo."

"Ndayenda m'masitolo onse. Mkazi wa mchere alipo, koma nkhope ndi za ana a dzana. Wina wandiuza kuti matabwa akale ankadutsa m'manja mwanu. Ndikungofuna chithunzi changa chimodzi. Adzukulu anga amati agogo amabwebweta, sanakhalepo wa kabuki ya mumzinda."

"Chija chodumpha kuchokera kudenga?"

"Chomwecho, mayi, chomwecho." Nkhope yake inawala.

"Ankadumpha ndani?"

Ginjuro anayang'ana ine, kenako pa makala.

"Ndi kale limenelo. Ntchito yathu ili ndi zinsinsi zake. Analipo anyamata angapo."

"Amene anathyoka msana."

"Aa, wamfupi uja. Zinali zachisoni zedi. Dzina lake paja ndani… Senkichi? Sentaro?"

Oriku anathira tiyi m'kapu n'kuika patsogolo pa mlendoyo.

"Senpachi. Ine ndine mkazi wake."

Nkhalambayo inayang'ana kukhomo, koma miyendo yake sinali yothawira. Inayamba kunena kuti inali yachinyamata, kuti eni nyumba ya kabuki ndi amene analamula zobisa, kuti inatumiza mphatso. Oriku anaisiya mpaka mawu anaithera.

"Chithunzi chilipo chimodzi," anatero. "Mawa mupite pakhomo pa kabuki, masana anthu akulowa. Mukanene amene ankadumpha, amene anatseketsa dzenje, ndi chimene ankadya. Mukanenenso kuti mwamuna wanga sanali woledzera. A Isokichi akuperekezani, adzandiuze."

Sindinkayembekeza kuti Ginjuro abwera, koma m'mawa mwake ndinamupeza pakhomo panga atavala mkanjo wake wabwino wa kimono, wothetheka m'mapewa. Tinakwera ngolo yokoka munthu mpaka ku nyumba yatsopano ya kabuki. Anaima pakati pa khomo, n'kundipatsa ndodo kuti ndimugwirire. Atatsekula pakamwa ndinadzidzimuka, pakuti mawu ake a pa nsanja anali akadalipo. Ananena zonse, za dzenje, za mkunga, za mizukwa iwiri, ndipo dzina la Senpachi analitchula molondola.

Anthu ankamulambalala. Ena anaima pang'ono poganiza kuti akulengeza sewero latsopano. Mnyamata wina wa chipewa cha azungu anafunsa mnzake kuti Ginjuro ndiye ndani, mnzakeyo n'kupukusa mutu. Wogulitsa mbatata yootcha anamukodola.

"Agogo, tasunthirani uko pang'ono, mukunditsekera makasitomala."

Gogo mmodzi yekha wamkazi ndi amene anamvetsera mpaka kumapeto. Atatha anamuyandikira n'kumuyang'anitsitsa.

"Bambo inu, musamasewere ndi dzina la akufa. A Ginjuro anamwalira chaka cha korori. Ndinalira nawo pa chipata ine."

Tinabwerera ku Asakusa. Titafika, Oriku anandiuza kuti ndifotokoze zonse mwatsatanetsatane, Ginjuro ali pomwepo. Pa wogulitsa mbatata paja anati ndibwerezenso. Ndinabwereza.

"Ndachita zimene munanena, mayi," anatero Ginjuro, atatambasula manja onjenjemera aja.

"Mwachitadi. Koma chithunzi palibe. Chomaliza chimene ndinachiona ndinaching'amba chaka chatha."

"Munandilonjeza."

"Ndinakunamizani tsiku limodzi. Inu munanamiza mzinda wonse mpaka mwana wanga anakula akutchedwa mwana wa chidakwa. Dzukani, ndikufuna kusesa."

Nkhalambayo inalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu. Ine chisoni chinandigwira, ndipo ndinaiperekeza mpaka pa mlatho. Nditabwerako ndinapeza Oriku akudya mpunga ngati wonyamula katundu wa padoko. Ndinamuuza kuti wapitirira muyeso.

"Muyeso wake anakuuzani ndani, a Isokichi?" anatero, n'kupitiriza kudya.

Ginjuro anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho, kwa mwana wake wina kutsidya kwa mtsinje. Palibe sitolo imene inatulutsa chithunzi cha maliro ake.

Oriku anakhalabe ndi moyo zaka zina zingapo. Maso anafa ngati a bambo ake, ntchito anasiya, koma ananenepa ndipo ankacheza ndi aliyense pa chitsime. Atadwala matenda omaliza, Osei anabwera kuchokera ku Yokohama kudzamudwazika, ali mayi wa imvi kale. Sanakambe zakale. Osei ankamusambitsa, kumumwetsa phala la mpunga, n'kumamuuza za sitima zikuluzikulu za padoko.

Ataona kuti mayi ake akutha, Osei anaitana wansembe wa ku kachisi wathu. Wansembeyo anali wachinyamata, wakhama, ndipo nkhani yonse anali ataimva kwa anthu.

"Agogo, chakukhosi ndi katundu wolemera pa ulendo umene mukupitawu. Tulani pansi."

"Ndatula zambiri, bambo. Maso ndatula, mano ndatula. Ichi chokha ndisiyireni."

"Omwalira ndi chakukhosi sapeza mpumulo. Amangoyendayenda kufunafuna amene anawalakwira."

Oriku anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo.

"Zoona zimenezo? Ndiye mwandilimbitsa mtima. Ine ndimaopa kuti kumeneko ndikangokhala opanda chochita."

Osei anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka misozi, atabisa nkhope mu mkono wa kimono yake, wansembe uja akusowa poyang'ana.

Oriku anamwalira maluwa a maula atayamba kuphukira. Tinamuika m'manda a kachisi yemweyo, pambali pa Senpachi. Osei anabwerera ku Yokohama pa sitima ya pamtunda, ndipo m'nyumbamo munalowa telala wina wa ana ambiri.